Alendo Miliyoni Imodzi: Malawi ndi Nkhondo ya ku Mozambique

Pamene tikukondwerera 6 July kuno kutali ndi kwathu, tiyeni tikumbukire nyengo ina m'mbiri ya dziko lathu imene ambiri a ife tinangoimva kwa makolo.

Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo inayamba mu 1977, koma inafika poipa mu 1986, makamaka m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Anthu anayamba kukhamukira ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, ambiri wapansi, ana kumsana. Pofika 1992 anali ataposa 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni dera.

Oyamba kuwalandira anali mafumu ndi anthu wamba. Malire aja analekanitsa Asena, Angoni, Achewa ndi Alomwe a mtundu umodzi, choncho wothawayo nthawi zambiri ankafikira kwa mbale wake. Kenako boma linaitana bungwe la UNHCR, linavomereza pangano la dziko lonse lokhudza othawa kwawo mu 1987, ndipo linakhazikitsa lamulo lakelake mu 1989. A Red Cross ankagawa chakudya m'misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu.

Ife anamwino timaphunzirapo kanthu pa zimene zinachitika mu 1990. Mtedza utasowa pa chakudya chogawidwa, anthu ankadalira kwambiri ufa, ndipo oposa 17,000 anadwala pellagra, nthenda imene imada ndi kusupula khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Inachepa atabwezeretsa mtedza ndi kugawa mavitamini. Kukhuta kokha si thanzi.

Pa ndale zinthu sizinali zoyera chimodzimodzi. Maiko oyandikana nafe ankati boma la Dr Kamuzu Banda likuthandiza Renamo, ngakhale ilo linkakana. Mu September 1986 a Samora Machel, a Robert Mugabe ndi a Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzalankhula nawo maso ndi maso, ndipo a Machel anaopseza zotseka malire. Mwezi wotsatira iwo anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Komabe mu December chaka chomwecho maiko awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala, imene katundu wathu ankadzera. Ena mwa iwo sanabwerere.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, chaka cha chilala chachikulu, ndipo pofika 1995 alendo aja anali atabwerera kwawo. Anatisiyira mapiri ometeka chifukwa cha nkhuni ndi milimo, komanso maukwati ndi zibale zimene zilipo mpaka lero.

Nkhaniyi sinathe. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, unali ndi anthu oposa 50,000 mu 2023, chaka chimene boma linakakamiza othawa kwawo okhala m'matauni kubwerera kumsasako. Ife amene lero tikudya za eni, tikuima pamzere wa ziphaso ndi kufunsidwa kuti tidzabwerera liti, tikudziwa kuwawa kwa ulendo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikamaimika mbendera yathu chaka chino, tidzifunse ngati mtima wa makolo athu a ku Nsanje tikadali nawo.