Nanodayamondi ndi Maselo a M'thupi

Nanodayamondi ndi tizidutswa ta dayamondi tochepa kwambiri, tosaoneka ndi maso. Asayansi a ku Soviet Union anatipeza koyamba mu 1963. Tina timapangidwa pophulitsa TNT ndi RDX m'chitsulo chotsekedwa, ndipo kukula kwake ndi mananomita 4 mpaka 5; tina timapezeka pogaya dayamondi wopangidwa m'fakitale. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a mita.

Azachipatala amakonda tizidutswati chifukwa mtima wake wa kaboni susinthika wamba. Maselo amatimeza n'kutisunga m'timatumba ta m'kati mwake, ndipo maselo ambiri olimidwa m'labotale amapitiriza kukula bwinobwino. Komabe zimenezi zimadalira kukula kwa tizidutswato, kuchuluka kwake, ndi zomwe zamatirira kunja kwake. Mwaye ndi zitsulo zotsalira pophulitsa ziyenera kuchotsedwa ndi asidi, apo ayi maselo amavulala. Tizidutswati timakondanso kuunjikana n'kupanga timibulu.

Tizidutswa tokhala ndi nayitrojeni pafupi ndi mpata wa atomu yosowa timawala mofiira tikaunikidwa ndi kuwala kobiriwira, ndipo kuwalako sikuzilala. Motero timathandiza kulondola maselo pa maikulosikopu. Mu 2011, gulu la wasayansi Dean Ho linasonyeza pa mbewa kuti mankhwala a khansa a doxorubicin akamatidwa pa tizidutswati amakhalitsa m'chotupa ndipo sapweteka thupi kwambiri.

Vuto lalikulu n'loti thupi silingathe kuphwanya dayamondi. Pa nyama zoyesedwa, tizidutswa timasonkhana m'chiwindi, m'kapamba ndi m'mapapo, n'chifukwa chake kuyesa pa anthu kukuchitika mosamala.