Za Mamangidwe a Nyumba pa Blantyre, Kuyambira pa Phaso Kufikira pa Njerwa

Inu alaliki akusunga mipingo ya kumidzi, pa masiku ano a Yubile tirikutchula maina a abusa amene anatitsogolera. Koma kuyenera kuti tiyang'anenso nyumba zimene tigonamo ndi kupempheramo, pakuti nazonso ziri ndi mbiri yao. Ndipo munthu wosadziwa ziwalo za nyumba yache sakhoza kuisunga.

Pamene Henry Henderson ndi anzache anakhazika Mishoni pa dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, anapeza makolo athu ali amisiri kale. Nyumba zao zinali zozungulira. Amuna ankadula mitengo yosadyeka msanga ndi chiswe, naizika pansi mozinga, naimanga ndi mbariro ndi luzi. Pamenepo ankapondaponda dothi, namata chipupa mkati ndi kunja. Pamwamba ankasanja phaso la mitengo kapena la nsungwi, nalikumanitsa pansonga, nafolera udzu kuyambira m'munsi kukwera kumwamba, kuti madzi atsetsereke osalowa. Nsanamira za pakhonde zinkanyamula mlomo wa tsindwi, ndipo tsindwilo linkatchinjiriza chipupa kumvula. Akazi ankazira pansi ndi dothi lakuda, nasalaza ndi mwala. Panalibe msomali ngakhale umodzi, koma m'nyumbamo munali mozizira pa malimwe ndi mofunda m'nyengo yachisanu. Bvuto lache linali moto ndi chiswe, ndi kuti udzu unafuna kufoleranso zitapita zaka zowerengeka.

Azungu oyamba anagona m'nyumba za mitengo ndi dothi zomwezo, koma zangodya zinai. Pambuyo pache anayamba kuumba njerwa m'zikombole za matabwa. Njerwa youma ndi dzuwa lokha ndiyo chidina. Yopsa m'ng'anjo ndiyo njerwa yootcha, imene siisungunuka ndi madzi. Nyumba yosanja ya pa Mandala, imene inamangidwa m'chaka cha 1882, ikali chiimire ndi khonde lache lalikuru, kutichitira umboni wa masiku amenewo.

Koma sukulu yeniyeni ya umisiri inali Nyumba ya Mulungu ya St Michael and All Angels. Mbusa David Clement Scott, amene anafika kuno m'chaka cha 1881, sanaphunzire ntchito yomanga kwao ku Scotland, ndiponso anthu amene anagwira naye ntchito sanaonepo nyumba yotere chibadwire. Anayamba m'chaka cha 1888, naipereka kwa Mulungu pa 10 May 1891. Dothi analikumba pafupi pomwepo, nkhuni zootchera anazitema m'nkhalango za kuno. Sanayambe ndi chithunzi chatsatanetsatane cha papepala ai. Koma pofuna kumanga chiwalo chiri chonse, ankayamba asanja njerwa zouma popanda matope, nayang'ana ngati zakhala bwino, ndipo atakhutira ankamanga zenizeni. Akuwerenga apeza mitundu ya njerwa ngati 81, mtundu uli wonse ndi chikombole chache.

Tsono, alaliki, mukadza ndi ana a kalasi, musawalowetse msanga. Muyambe mwawazungulitsa kunja, ndi kuwatchulira ziwalo. Pansi pali maziko, amene saoneka koma asenza zonse. Pa chipupa muwaonetse kalumikizidwe ka njerwa: mzere wina zagona m'litali, mzere wina zapingasa, kuti mpata wa pakati pa njerwa ziwiri usalunjikane ndi mpata wa pamwamba pache, chifukwa chache chipupa siching'ambika. Pamwamba pa makomo ndi mazenera palibe mtanda wa mtengo, koma njerwa zopindika monga uta, zimene zikanikizana zokha ndi kutsitsira kulemera kumbali. Popeza uta wotere ukankha chipupa kunja, anaika michirikizo ya njerwa yakuchigwira. Kutsogolo kuli nsanja ziwiri zosafanana, ndi pamwamba denga lozungulira monga mphika wobvundikira. Ndipo muwauze kuti mchirikizo ndi mbale wache wa nsanamira, ndi kuti denga lozunguliralo silisiyana kwambiri ndi tsindwi la agogo ao. Pakuti amene anagwira njerwa zija anali ana a iwo akufolera udzu.

Amisiri amenewa maina ao ambiri sanalembedwe, koma nzeru yao sinafe. Anaphunzitsa ena, ndipo chikombole chinatuluka pa Mishoni nichifika kumidzi. Anthu anasiya pang'ono pang'ono nyumba zozungulira, namanga za mdindo ndi za zidina, pambuyo pache za njerwa zootcha. Malata analowa m'malo mwa udzu, misomali m'malo mwa luzi, simenti m'malo mwa matope.

Komatu mphatso iri yonse idza ndi mangawa ache. Ng'anjo idya nkhuni zambiri, ndipo mapiri a Ndirande ndi Soche, amene anali ndi mitengo yothithikana, anayera chifukwa cha nkhuni, makala ndi minda. M'chaka cha 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zache ndi pa nyumba zamalonda. M'mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy anagwa, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikokolola nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ache. Ndipo m'midzi yambiri zipupa za zidina zopanda maziko ndi khonde zinanyowa kunsi, nizigwa.

Chifukwa chache, abale, tisanyoze nzeru ya mbali iri yonse. Kwa makolo tiphunzire khonde lotambalala lakusunga chipupa; kwa amisiri a Mishoni tiphunzire maziko akuya, ndi kuyesa tisanamange. Mpingo ukaotcha njerwa, ubzale mitengo. Mlaliki akaona mng'alu pa chipupa, kapena chiswe pa phaso, anene msanga kwa akuru a mpingo, asadikire dzinja. Iwo aja anatisiyira nyumba imene yaima kuyambira 1891. Tiyeni nafenso tisiyire adzukulu athu pogona polimba ndi popempherera posadontha. Ambuye atithandize.