Lenti ya 1992 m'Ndirande

Ife ansembe amene tadzozedwa posachedwapa tinali makanda, ena tisanabadwe n'komwe, pamene Mpingo wa m'Malawi unaloŵa m'Lenti ya 1992. Mbiri yake tinaimva m'kalasi ku seminale, koma tikaimva kwa akuluakulu a m'miphakati ya ku Ndirande imamveka mosiyana, chifukwa iwo amayambira pa mantha.

Chaka chimenecho mvula inakana. Chimanga chinafota chisanamasule, ufa unakwera mtengo, ndipo wolandira malipiro a pafakitale sankafika nawo pakati pa mwezi. Kudandaula poyera kunali kuputa ndende. Zaka zitatu zokha zinali zitapita chibwerere Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, amene mu Meyi 1989 anachita Misa ku Njamba, koma chimwemwe chija chinali chitazirala.

Pa 8 Marichi, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya Maepiskopi inaŵerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Inasindikizidwa ku Balaka, makope 16,000: a Chicheŵa 10,000, a Chitumbuka 5,000, a Chingerezi 1,000. Inanena za malipiro ochepa, kusoŵa kwa mankhwala m'zipatala, kuthithikana kwa ana m'sukulu, ndiponso za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Munalibe chachilendo kwa munthu wa m'Ndirande. Chachilendo chinali kuzimva zikuchokera paguwa, masana, popanda kunong'ona. M'malo ambiri anthu anaomba m'manja, amayi naimba nthungululu.

Zotsatira zake n'zimene tifuna kuzilingalira, pakuti ndi m'menemo chikhulupiriro chinayesedwa. Pa 10 Marichi Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre, pamodzi ndi Maepiskopi anzao anafunsidwa ndi apolisi kwa maola ambiri. Boma linalengeza kuti kalatayo njoukira, ndipo kupezeka nayo kunasanduka mlandu. Pamsonkhano wa chipani ku Lilongwe ena anayankhula zoti Maepiskopi aphedwe. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa. Mkristu wamba anatsala ndi funso lovuta: kalata ija aitenthe, kapena aibise pansi pa mphasa? Nanga Lamulungu likudzalo apite ku Misa, podziŵa kuti pabenchi pomwepo pangakhale wotenga maina? Tisaweruze msanga amene anaitentha. Anali ndi ana oŵadyetsa.

Choŵaŵa koposa chinali chete wa masabata otsatira. Abusa sanamveke, wailesi inali imodzi, ndipo inkanena za boma zokha. Ambiri anaganiza kuti zonse zathera pomwepo. Pa 17 Epulo, Lachisanu Loyera, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu analamulidwa kutuluka m'dziko. Akristu amene anapsompsona mtanda tsiku limenelo sankadziŵa kuti kutsogolo kuli referendamu. Ife timaŵerenga mbiriyi tikudziŵa mathero ake, ndipo mwina n'chifukwa chake timaipeputsa. Iwo anayenda Njira ya Mtanda osaona chizindikiro chilichonse choti pemphero lao lamveka, nabwerabe, nadzaza matchalitchi. Ngakhale a mipingo ina anayamba kudzakhala nawo pa Misa, kusonyeza kuti ali pamodzi.

Kumayambiriro kwa Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead, kufupi ndi Ndirande, ananyanyala ntchito. Chipoloŵe chinafalikira m'Blantyre ndi m'Limbe, masitolo anathyoledwa, apolisi anaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa. Nyengo ya Pasaka ya chaka chimenecho inadzaza ndi maliro. Mabuku amasunga maina a Maepiskopi osayina kalata. Maina a anyamata amene anagwa m'misewu asungidwa ndi mabanja ao okha, ndipo ena amaŵaperekerabe Misa mwezi wa Novembala.

Pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri. Ambuye Chiona anakhalabe Arkiepiskopi wa Blantyre mpaka 2001, namwalira mu 2008.