Mmene thupi limathandizira maso kumvetsa zochita za ena

Anthu awiri angathe kuonera gule mmodzi koma osaona zofanana. Akatswiri a za ubongo apeza kuti munthu akamayang'ana zimene mnzake akuchita, ubongo wake sudalira maso okha. Umagwiritsanso ntchito mbali zimene zimayendetsa manja ndi miyendo yake. Motero zomwe thupi lidazolowera kuchita zimakhudza kaonedwe kake.

Nkhaniyi idayambira pa yunivesite ya Parma ku Italy. Mu 1992, gulu lotsogozedwa ndi Giacomo Rizzolatti lidapeza kuti maselo ena a muubongo wa nyani amatakataka nyaniyo akamatola chakudya, komanso akangoona munthu akutola. Mu 1996 maselowo adatchedwa mirror neurons, kaamba koti amachita ngati galasi lodziyang'anira.

Mwa anthu, umboni udachokera kwa ovina. Mu 2005, Beatriz Calvo-Merino ndi anzake ku London adaunika ubongo wa akatswiri ovina ballet ndi a capoeira, gule wa ku Brazil wosakaniza kuvina ndi kumenyana. Mbali zoyendetsa thupi zinkatakataka kwambiri wovina akamaonera gule amene iye mwini adaphunzira. Chaka chotsatira adayerekeza amuna ndi akazi ovina ballet, omwe amaphunzirira pamodzi koma ali ndi masitepe ena osiyana. Ngakhale onse adazolowera kuona masitepe onsewo, ubongo wa aliyense unkalabadira kwambiri amene iye amavina. Izi zidasonyeza kuti kuonerera kokha sikulingana ndi kuchita.

Zoterezi zidaonekanso m'masewero. Mu 2008, Salvatore Aglioti wa ku Rome adapeza kuti akatswiri osewera basketball amadziwa msanga ngati mpira ulowe kapena ayi kuposa aphunzitsi ndi atolankhani a zamasewero, pongoona thupi la woponyayo mpira usadachoke m'manja.

Komabe akatswiri ena amachenjeza kuti mphamvu ya maselowa isakokomezedwe. Mu 2016, Gilles Vannuscorps ndi Alfonso Caramazza adasonyeza kuti anthu obadwa opanda manja amazindikira zochita za manja a ena monga wina aliyense. Choncho luso la thupi limanola kaonedwe ka munthu, koma si khomo lokhalo lomvetsera mnzake.

Nzeruzi zalowanso m'zipatala. Madokotala ena amaonetsa odwala sitiroko makanema a anthu akugwira kapu kapena supuni, kenaka n'kuwauza kuti ayesere, pofuna kudzutsa dzanja lomwe lidafooka.