Nokia: kuchokera ku mapepala ndi jombo mpaka ku mafoni

Anzanga a m'kalabu, ndani mwa inu sanasewereko Snake pa kafoni ka Nokia ka amayi, kapena kuunikira ndi tochi yake magetsi atathima? Mwezi uno ndati tione mbiri ya kampani imeneyi, chifukwa ikutionetsa momwe chuma chimasinthira.

Nokia sinayambe ndi mafoni ayi. M'chaka cha 1865, Fredrik Idestam anatsegula fakitale yogaya mitengo yopangira mapepala ku Tampere, m'dziko la Finland. Yachiwiri anaimanga pafupi ndi tauni ya Nokia, dzina n'kuchokera pomwepo. Mu 1967 kampaniyi inaphatikizana ndi ina yopanga jombo za mphira ndi matayala, komanso ina yopanga mawaya a magetsi ndi a lamya. Luso la anthu a mawayawa ndi lomwe linadzabala mafoni.

Pali akatswiri a zachuma omwe amati zoterezi sizodabwitsa. Mu 1982 Richard Nelson ndi Sidney Winter analemba buku lonena kuti chuma chimasintha ngati zamoyo. Kampani iliyonse ili ndi zizolowezi zake zogwirira ntchito, zomwe zili ngati chibadwa. Imayesa izi ndi izo, zambiri zimakanika, msika n'kusankha zochepa zomwe zipitirire. Palibe amadziwiratu kuti chopambana chidzakhala chiti.

Boma la Finland nalo silinangokhala. Mu 1983 linakhazikitsa bungwe la Tekes loti lizipereka ndalama za kafukufuku kumakampani ndi kusukulu za ukachenjede. Mu 1991 Soviet Union, komwe Finland inkagulitsako katundu wambiri, inatha, ndipo anthu miyandamiyanda anachotsedwa ntchito. Chikhalirecho dzikolo linapitiriza kuika ndalama m'maphunziro ndi kafukufuku. Jorma Ollila atakhala mkulu wa Nokia mu 1992, kampaniyi inasiya malonda enawo n'kulimbikira za mafoni basi. Pofika 1998 inali itapitirira Motorola, n'kukhala patsogolo padziko lonse. Nokia 1100 ija anagulitsa zoposa 250 miliyoni.

Ndiye chinavuta n'chiyani? Mu 2007 Apple inatulutsa iPhone, kenako kunabwera mafoni a Android. Foni inasanduka kakompyuta ka m'thumba, ndipo anthu anayamba kufunsa za mapulogalamu, osati kulimba kwa batire kokha. Zizolowezi zomwe zinakweza Nokia ndi zomwenso zinaichedwetsa, inakakamira pulogalamu yake ya Symbian. Mu 2013 inalengeza kuti ikugulitsa gawo la mafoni kwa Microsoft. Joseph Schumpeter anali ataneneratu mu 1942 kuti pamsika chatsopano chimabadwa pogwetsa chakale.

Koma taonani apa. Mafakitale anatsekedwa, zoona, koma luso silinapite kumanda. Mainjiniya ambiri ochotsedwa anatsegula makampani awoawo, ena anakalowa kumakampani achilendo omwe anabwera kudzasaka anthu aluso. Masewero a pafoni ngati Angry Birds ndi Clash of Clans ndi ochokera ku Finland komweko. Nokia yeniyeniyo ilipobe, ikupanga zipangizo za manetiweki.

Ine chomwe ndatolapo n'chakuti dziko lisamaike mtima wonse pa kampani imodzi kapena malonda amodzi. Ntchito ya boma ndi kuphunzitsa anthu, kuthandiza oyesa zatsopano, ndi kuonetsetsa kuti yemwe wagwa atha kudzukanso. Ife kuno tadalira fodya kwa zaka zambirimbiri, pomwe ambirife tili ndi MSCE m'manja tikungodikira ntchito. Funso langa ndi ili: fodyayo atati wagwa mawa, ndi luso lanji lomwe lingatsale m'manja mwathu? Liganizireni bwino, tidzakambirane Loweruka kumsonkhano. Musachedwe chonde!