Zakudya za Kumwera kwa India: Kumene Nandolo wa ku Mulanje Amakathera

Zakudya za tsiku ndi tsiku za kumwera kwa India zimadalira mpunga, mbewu za mtundu wa nyemba, bwemba ndi tsabola. Zimadyedwa m'zigawo zisanu za dzikolo, zomwe ndi Tamil Nadu, Kerala, Karnataka, Andhra Pradesh ndi Telangana, ndipo zotchuka mwa izo ndi sambar, rasam, dosa, idli, upma ndi pongal. Mayinawa ndi achilendo kwa munthu wa pa Chitakale kapena ku Limbuli, koma zomwe zili mumphikamo amazidziwa. Sambar, ndiwo zimene mabanja ambiri kumeneko sathana nazo, zimaphikidwa ndi nandolo, ndipo wina mwa nandolo amene amawira m'makhitchini a ku India amachokera m'minda ya ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu.

Dziko la India limalima nandolo wochuluka kuposa dziko lina lililonse, komabe sawakwanira. N'chifukwa chake nyengo yokolola ikafika mavenda amapachika masikelo m'misika ya ku Mulanje, matumba n'kumakwera magalimoto opita ku Limbe, kenako ku madoko a ku Mozambique. Alimi anaona kukula kwa ubale umenewu mu Ogasiti 2017, pamene boma la India linachepetsa nandolo wololedwa kulowa m'dzikolo: mtengo unagweratu pansi, matumba n'kutsakamira m'nyumba. Mu 2021 maiko a Malawi ndi India anasainirana pangano lakuti India azigula matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Ngakhale mbewu imene ili m'munda ili ndi chibale kumeneko. Bungwe la ICRISAT, lomwe lagwira ntchito ndi akatswiri a ku Chitedze potulutsa mitundu monga Sauma, Kachangu ndi Mwayiwathualimi, likulu lake lili ku Patancheru, pafupi ndi mzinda wa Hyderabad ku Telangana.

Chodabwitsa n'chakuti alimi ambiri amene amadyetsa dziko lakutalilo sanalaweko chimene nandolo wawo amakasanduka. Mbiri ndiyo ikufotokoza. Amwenye amene anadzakhazikika ku Nyasaland kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ambiri anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India, ndipo anabwera ndi samusa ndi chapati, osati dosa. M'zaka za m'ma 1970 boma linawachotsanso m'malo ochitira malonda a kumidzi n'kuwasonkhanitsa m'mizinda, kotero zokometsera zawo zinatsalira m'masitolo a ku Limbe ndi Blantyre.

Sambar

Mayi aliyense wodziwa kuphika chipere wayenda kale theka la ulendo wa sambar. Pamafunika nandolo wouma wochotsa makoko, amene ku India amagulitsidwa ndi dzina lakuti toor dal. Pakhomo amakonzedwa mwa njira yakale ija: kumukazinga pang'ono, kumupera pamphero kuti agawike pakati, n'kumupeta ndi lichero. Kapu imodzi ya nandolo wotere imawiritsidwa m'makapu atatu a madzi pamodzi ndi theka la supuni yaing'ono ya ufa wachikasu wa tameriki, mpaka atafeweratu moti n'kupotedwa ndi mthiko. Pambaula zimatenga pafupifupi ola limodzi, koma akayamba wanyikidwa m'madzi makala amapulumukako.

Nandolo ali pamoto, wophika amanyika bwemba wochuluka ngati ndimu limodzi m'madzi ofunda, n'kumufinya ndi zala mpaka madziwo ade, kenako n'kusefa njere ndi ulusi. M'madzi owawasawo ndi momwe amaphikira zamasamba zoduladula: dzungu, mabiringanya, therere lobala, karoti, anyezi ndi tomato, malingana ndi zimene zapezeka. Sambar wokondedwa kwambiri ku Tamil Nadu ndi wa zitheba za cham'mwamba, mtengo umene kuno anthu amangothyola masamba ake, zithebazo n'kumaumira mumtengo. Amazidula kutalika ngati chala, ndipo pakudya munthu amakanda zam'kati ndi mano, khungu n'kutaya. Zamasamba zikapsa ndi pamene amathiramo nandolo uja, mchere ndi ufa wokometsera, n'kusiya zibwate pamodzi mphindi khumi.

Apa pali lamulo limene wophika sayenera kuliphwanya: bwemba sakumana ndi nandolo wosapsa. Zowawasa zimalimbitsa nyemba zamtundu uliwonse, ndipo nandolo amene wathiridwa bwemba msanga amakhala wokukutika ngakhale nkhuni zithe mtolo. Soda kapena chidulo sizifunikanso, chifukwa nandolo wopanda makoko amafewa yekha.

Ufa wokometsera sambar umapangidwa pokazinga, popanda mafuta, njere za dhania, tsabola wofiira wouma, jeera, tsabola wakuda, tinjere ta methi pang'ono ndi supuni imodzi ya nandolo yemwe uja, kenako n'kusinja mu kamtondo. Njere zimenezi zimapezeka m'masitolo a Amwenye ku Limbe, ndipo zogula ulendo umodzi zimatha miyezi, popeza mphika umodzi umangofuna masupuni awiri. Ufa wa khale wa m'timapaketi ta m'magolosale ungathe kuimirapo pa tsiku lovuta, koma fungo lake ndi lina.

Chimene chimasiyanitsa kaphikidwe aka ndi ka kuno chimabwera pamapeto. Kuno mafuta, anyezi ndi tomato ndiye zimayamba; pophika sambar mafuta amatsiriza. Wophika amatenthetsa masupuni awiri a mafuta m'kachiwaya, n'kuponyamo supuni yaing'ono ya njere za mpiru. Pakapita kamphindi njerezo zimayamba kuthetheka ndi kudumpha, mtundu wake n'kusanduka wotuwa. Pomwepo amaponyamo tsabola wouma wothyola pakati ndi masamba a mtengo wa khale, omwe amachita thovu n'kuuma nthawi yomweyo, ndipo zonse amazikhuthulira mumphika wa sambar, phokoso lakuti tswee, n'kuvundikira msanga kuti fungo lisathawe. Njere zikachotsedwa zisanathetheke zimawawa, zikachedwa zimapserera. Ntchito yonseyi sifika mphindi imodzi, koma imabwerezedwa pafupifupi m'chakudya chilichonse cha chigawochi.

Njere za mpiru si zofunika kuitanitsa kunja. Mpiru wa m'dimba womwe uja, ukasiyidwa kuti uchite maluwa achikasu n'kukhwima, umabala njere zoyenera. Zosayenera kudyedwa ndi njere za m'mapaketi ogulitsira mbewu, chifukwa nthawi zambiri zimakhala zothiridwa mankhwala.

Rasam ndi mpunga wa masiku otanganidwa

Rasam ndi msuzi wamadzimadzi, wowawasa ndi wotentha kukhosi. Madzi a bwemba amawira ndi tomato wophwanya ndi manja, adyo wosinja, tsabola wakuda, jeera ndi mchere, ndipo ambiri amawonjezera madzi otsala powiritsa nandolo. Sulola kubwata nthawi yaitali: thovu likangoyamba kukwera, mphika umachoka pamoto n'kulandira mafuta a njere za mpiru aja. Ku Tamil Nadu munthu wachimfine amapatsidwa rasam wa tsabola wakuda wambiri, wothira pa mpunga wofewa kapena womwera m'kapu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikaphimba phiri la Mulanje, msuzi umenewu ungapeze oukonda ambiri.

Tsabola wakuda ndi mbadwa ya ku gombe la Malabar, ku Kerala, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinakokera Vasco da Gama ku Calicut mu 1498. Tsabola wofiira anafika pambuyo pake ndi Apwitikizi kuchokera ku America. Mtengo wa bwemba, womwe kuno umakonda madera otentha monga Chikwawa ndi Nsanje, kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Bwemba akasowa pamsika, mandimu amagwira ntchito, bola afinyiridwe mphika utachoka pamoto. Ku Andhra Pradesh amaphikanso nandolo ndi mango osapsa, ndiwo zimene nyengo yake ingagwe bwino kuno mu Okutobala.

Mpunga wotsala dzulo sutayidwa. Ukasakanizidwa ndi mafuta okazingira njere za mpiru, mtedza, tsabola wamuwisi ndi tameriki, kenako n'kufinyiramo ndimu, umakhala mpunga wachikasu umene anthu amanyamula pa ulendo wa pasitima ndiponso ana popita kusukulu. Wina amaupota ndi mkaka wowawasa, wofanana ndi chambiko, n'kuthiramo mchere ndi jinja. Umenewu ndi umene umatsekera chakudya m'mabanja ambiri a Chitamil, chifukwa umaziziritsa m'kamwa pambuyo pa tsabola. Pongal ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi mphodza zochotsa makoko mpaka zitaphatikizana, wokometsedwa ndi tsabola wakuda, jeera ndi mafuta a mkaka. Dzina lake ndi limodzi ndi la chikondwerero cha zokolola cha Atamil, chomwe chimachitika pakati pa mwezi wa Januwale. Upma nthawi zambiri amaphika ndi tirigu wogaya mokhakhala, koma ulipo mtundu wina wa misere ya mpunga ndi nandolo wosinja, womwe ndi wotsika mtengo kwambiri.

Za pachiwaya

Idli ndi dosa ndi zimene zatchukitsa chigawochi padziko lonse, komanso ndi zovutirapo kwa wophika wa ku Mulanje. Zonse ziwiri zimachokera ku phala losaphika la mpunga ndi urad, kanyemba kakuda kunja koyera m'kati, komwe sikapezeka m'misika ya kumudzi. Magawo atatu kapena anayi a mpunga ndi gawo limodzi la urad amanyikidwa padera kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi, n'kuperedwa, kusakanizidwa, n'kugonekedwa usiku wonse kuti zisase ndi kufufuma. Phalalo likaphikidwa ndi nthunzi m'timbale limatulutsa idli, tofewa ndi toyera. Likasungunulidwa pang'ono n'kupakidwa mopyapyala pachiwaya chamoto limakhala dosa. Kutentha kwa mumzinda wa Chennai kumafufumitsa phala mosavuta, pamene m'nyengo yozizira ya kuno lingafune tsiku lathunthu, ndipo liyenera kugona pafupi ndi pamoto.

Koma pali abale awiri a dosa amene safuna urad kapena kusasa, ndipo woyamba kumene ayenera kuyambira pa amenewa. Pesarattu wa ku Andhra Pradesh ndi wa mphodza zathunthu, ndi makoko omwe. Zimanyikidwa usiku, m'mawa n'kusinjidwa pamodzi ndi jinja, tsabola wamuwisi, mchere ndi kampunga kodzaza dzanja, mpaka zikhale phala lobiriwira loyenda pa chipande. Chiwaya chikatentha amachipaka mafuta ndi theka la anyezi, n'kuthira chipande chimodzi pakati, kenako n'kuzunguliza ndi kumsana kwa chipandecho kuchokera pakati kupita m'mbali. Anyezi woduladula amawazidwa pamwamba phala lisanaume. M'mphepete mukayamba kufiira ndi kudzuka mokha, ndiye kuti chapsa. Adai wa ku Tamil Nadu amatsata njira yomweyo, koma ndi mpunga ndi nandolo wonyika maola atatu, wosinjidwa mokhakhala ndi tsabola wofiira; ndi wochindikala ndipo amakhalitsa m'mimba. Kwa mwana wopita kusukulu kapena mayi wolawirira kukathyola tiyi, chakudya cham'mawa chotere chimaposa kutali chigumu kapena mandasi, popeza nandolo ndi mphodza zili ndi zomanga thupi zopitirira magawo 20 pa 100 aliwonse.

Zonsezi zimadyedwa ndi chatini. Chotchuka ndi cha kokonati wopala, wosinjidwa ndi tsabola wamuwisi, jinja ndi mchere. Kokonati amalimidwa kwambiri m'chigawo cha Zambezia, kutsidya kwa malire a Muloza, koma si wa tsiku lililonse. Ku Andhra Pradesh ndi Telangana amapanga chatini cha mtedza wokazinga, adyo, tsabola ndi bwemba pang'ono, ndipo ichi ndi chimene chili pafupi ndi dzanja la wophika wozolowera nsinjiro.

Chinangwa cha ku Kerala

Ku Kerala kuli chakudya chimene Mlomwe angachizindikire asanauzidwe dzina. Kappa ndi chinangwa. Chinafala kumeneko m'nthawi ya Visakham Thirunal, mfumu ya Travancore kuyambira 1880 mpaka 1885, yemwe analimbikitsa anthu ake kuchilima ngati chotchinjiriza njala mpunga ukavuta. Amachisenda, kuchidula, kuchiwiritsa ndi mchere, n'kutaya madzi ake. Kenako amachiphwanya ndi mthiko pamodzi ndi kokonati, tameriki, adyo ndi tsabola. Mnzake wosasiyana naye ndi msuzi wofiira wa nsomba, wowawasa ndi wa tsabola wambiri, kawirikawiri wa tinsomba ta m'nyanja yamchere totsika mtengo. Usipa kapena matemba a ku Chilwa amalowa bwino m'malo mwake. Chinangwa choyenera ndi chozuna, monga manyokola. Chowawa chimafuna kunyikidwa kaye monga mwa nthawi zonse.

Zamasamba za kumeneko, zotchedwa poriyal ku Tamil Nadu ndi thoran ku Kerala, zimaphikidwa mwachangu ndipo sizikhala ndi msuzi. Kabichi, zitheba, bonongwe kapena nthochi zosapsa zimadulidwa tating'ono kwambiri, n'kuponyedwa m'mafuta a njere za mpiru, kuvundikiridwa mphindi zochepa ndi timadzi ta m'manja, pomaliza n'kuwazidwa kokonati kapena nsinjiro za mtedza wokazinga. Ngakhale chinanazi chili ndi malo ake: pa phwando la Onam ku Kerala amachiphika ndi kokonati ndi mkaka wowawasa kukhala pachadi, ndiwo zotsekemera ndi zowawasa nthawi imodzi.

Pa chakudya chamasana mpunga umayikidwa pakati, nthawi zina pa tsamba la nthochi lotsukidwa bwino, ndipo umadyedwa ndi dzanja lamanja m'magawo: loyamba ndi sambar, lachiwiri ndi rasam, lomaliza ndi mkaka wowawasa, zamasamba zili pambali. Pakhomo pamene mpunga ndi wa pa Khirisimasi ndi pa ukwati pokha, sambar wophikidwa molimbirako, madzi ochepa, amayenda ndi nsima ya mgaiwa mosavuta, ndipo kapu imodzi ya nandolo ndi chidutswa cha dzungu zimakwanira anthu asanu.