Ndani Ayenela Kubweletsa Umboni?

Acinyamata, kodi munaonako khamu likufuula kuti "Kawalala!" pamsika? Pamenepo munthu amaweluzidwa asanatsegule pakamwa. Kukhoti sizitelo ai, ndipo mbili ya Reginald Woolmington ikuonetsani cifukwa cake.

Mu December 1934, mnyamata uyu wa ku Dorset, m'dziko la England, anapha mkazi wake Violet ndi mfuti. Iye anati inalila mwangozi. Pamlandu ku Bristol, woweluza ananena kuti Woolmington ndiye ayenela kutsimikiza kuti inalidi ngozi. Anapezeka wolakwa, ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe.

Apilu yake inafika ku House of Lords, khoti lalikulu koposa panthawiyo. Mu May 1935, Lord Sankey anati woweluza uja analakwitsa: udindo wotsimikiza mlandu, popanda cikaiko comveka, ndi wa boma. Woolmington anamasulidwa.

Makhoti a m'Zambia amatsata mfundo yomweyi, ndipo inalembedwa mu Article 18 ya Malamulo Aakulu a dziko lino. Woimbidwa mlandu amayesedwa wosalakwa kufikila atavomela yekha kapena umboni utamugwila. Boma ndilo liyamba kuitana mboni. Iye, kapena loya wake, amazifunsa mafunso. Akhoza kuitana mboni zake, koma sakakamizidwa kupeleka umboni.

Mwina muti lamuloli lipulumutsa opalamula. Nthawi zina limatelodi. Koma tsiku limene wina adzakunamizilani, lamulo lomweli ndilo lidzamufunsa kuti, "Umboni wako uli kuti?"